Revolver yaikulu ya zipolopolo 6 zokha, aku America amaikondera chani?

Ngati mumakhalitsa pa TikTok kapena pa YouTube mavidiyo aja mwawaonapo, munthu wagwira chimfuti cham'manja chonenepa ngati mpini wa khasu, kuwomba kamodzi basi mfuti ija kudumpha kutsala pang'ono kumugogoda pachipumi, anzake kumbuyo kufa nalo phwete. M'makomenti funso limakhala lomwelomwelo, kuti kodi zoterezi nzantchito kapena nzongodzionetsera? Ena amafunsa zomveka ndithu, kuti masiku ano pali pisito zonyamula zipolopolo 17 ndipo nzopepuka, nde munthu wanzeru zake angasankhe bwanji chitsulo cholemera chonyamula 5 kapena 6 zokha. Nkhaniyi kwawo ndi ku America, makamaka kumadera a mapiri ndi nkhalango monga Alaska, Montana, Idaho ndi Wyoming, ndipo kuti muimvetse muyambe mwadziwa kuti anthu amenewa zochuluka kwa zipolopolo alibe nazo ntchito kwenikweni, iwo amafuna chipolopolo chimodzi cholemera cholowa mkati kwambiri, chochokera mumfuti yoti ili pathupi nthawi zonse ngakhale manja atatangwanika ndi zina.

Revolver nchiyani kaye

Revolver ndi mfuti yam'manja yomwe pakati pake pali kagudumu kachitsulo kamabowo, amati silinda, bowo lililonse limalowa chipolopolo chimodzi. Kumbuyo kuli kahamala, ndipo kahamala kaja kakakokedwa silinda imazungulira pang'ono nkubweretsa chipolopolo china kukamwa kwa mpope. Pali mitundu iwiri. Ya single action pamafunika kukoka kahamala ndi chala chachikulu musanawombe ulendo uliwonse, ndi ija ya makauboyi. Ya double action mungokoka thiriga yokha, iyo nkukoka kahamala nkukamasulanso. Samuel Colt analembetsa luso limeneli ku America mu 1836 ndipo kuchokera nthawi imeneyo kagwiridwe kake ka ntchito sikanasinthe kwambiri.

Pisito zomwe mumaziona kwa apolisi ambiri padziko pano ndi zina, zimenezo zipolopolo zimakhala mu magazini yolowa m'chigwiriro, ndipo mphamvu ya kuphulika ndi yomwe imakankha chitsulo chapamwamba kubwerera m'mbuyo, kutaya chikhokho chatha ndikulowetsa chipolopolo china. Apa mpomwe pagona nkhani yonse. Poti zipolopolo zimadutsa m'chigwiriro, sizingatalike kuposa momwe dzanja la munthu lingagwirire, komanso sipuling'i yamkati inapangidwira mphamvu yakutiyakuti, mukaichepetsa kwambiri kapena kuichulukitsa mfuti imayamba kukakamira. Revolver ilibe vuto limenelo. Silinda mungaitalikitse ndi kuinenepetsa mmene mukufunira, ndipo imazungulira ndi mphamvu ya chala chanu, kaya chipolopolo nchofooka kaya nchaukali iyo sizikuikhudza. Nchifukwa chake zipolopolo zamphamvu kwambiri zam'manja pafupifupi zonse zili ku ma revolver, kupatulako pisito zochepa ngati Desert Eagle yomwe nayo ndi chimtolo.

Manambala aja, .357, .44, .500

Manambalawa amati caliber, kutanthauza kukula kwa chipolopolo m'mimba mwake poyeza ndi inchi, ndipo inchi imodzi ndi mamilimita 25.4. Choncho .500 ndi theka la inchi, mamilimita 12.7, pafupifupi kunenepa kwa chala chaching'ono cha munthu wamkulu. Koma musawakhulupirire kwambiri mainawa chifukwa ena ndi a malonda chabe. Chotchedwa .44 mukachiyeza ndi .429, mamilimita pafupifupi 11, ndipo .38 Special ndi .357 Magnum kunenepa kwake nchimodzimodzi, mamilimita 9. Akamati caliber yaikulu nthawi zambiri akunena zoyambira pa .41 kapena .44 kukwera.

Liwu loti Magnum limatanthauzanso botolo lalikulu la vinyo, koma pa mfuti limatanthauza kuti chikhokho chamkuwa chija chatalikitsidwa ndipo onga wake ndi wamphamvu kwambiri. Chikhokho cha .44 Magnum chimaposa cha .44 Special ndi mamilimita 3 okha, anachita dala kuti chisalowe mumfuti zakale zomwe zingaphulike nacho. Koma chachifupi chimalowa mu yaitali popanda vuto, nde mwini .44 Magnum atha kuphunzirira ndi .44 Special yomwe siimenya dzanja, ngati mmene mungayendetsere thiraki yopanda katundu.

Kulemera kwa chipolopolo amayeza ndi grain, ndipo ma grain 15 ndi theka ndi pafupifupi galamu imodzi. Cha 9mm, chomwe chimalowa m'pisito zambiri za apolisi, nthawi zambiri chimakhala magalamu 8 kapena kuchepera pang'ono. Cha .44 Magnum chodziwika kwambiri ndi ma grain 240, magalamu 15 ndi theka, ndipo chimatuluka pa liwiro la mamita pafupifupi 400 pa sekondi. Cha kampani ya Smith & Wesson chotchedwa .500 S&W chimayambira cha m'ma grain 300 kapena 350, ndiye kuti cholemera ngati batire ija timaika mu wotchi yapakhoma, ndipo zilipo zina zofika ma grain 700. Mphamvu yomwe imakhala mkati pophulika ndiyo yoopsa. Tayala la galimoto yaing'ono timapopa cha m'ma 32 psi, pomwe .44 Magnum imafika 36,000 psi ndipo .454 Casull imafika 65,000 psi, zonsezo zikuchitikira mu chitsulo chomwe munthu wachigwira m'manja.

Mkulu wa chipewa chachikulu wa ku Idaho

Mfuti zam'manja zikuluzikulu sizachilendo ku America. Colt Walker ya mu 1847 inali ya .44 ndipo inkalemera makilo awiri, moti asilikali ankaimangirira pachishalo cha hatchi osati m'chiuno. Mu 1873 kunabwera .45 Colt ya asilikali okwera pahatchi, yomwe mpaka lero ikugulitsidwa. Koma chikondi chomwe tikuchiona panopa ambiri amachiloza kwa munthu mmodzi, Elmer Keith, yemwe anabadwa mu 1899 nkumwalira mu 1984, woweta ng'ombe, wolondolera alenje m'tchire komanso wolemba m'magazini a mfuti, ankakhala ku Salmon m'boma la Idaho. Mkuluyu anali wosamva zomuuza. Ankadzipangira yekha zipolopolo nkumaonjezera onga mpaka Colt .45 ina inamuphulikira, nde mmalo mosiya anangosamukira ku .44 Special poona kuti silinda yake makoma ake ndi ochindikala. Kwa zaka pafupifupi makumi atatu anakhala akuvutitsa makampani kuti apange mfuti ndi chipolopolo chopirira mphamvu imeneyo. Anali nawo m'gulu la anthu omwe ntchito yawo inabala .357 Magnum mu 1935, kenaka chakumapeto kwa 1955 kampani ya Remington inapanga chipolopolo cha .44 Magnum, Smith & Wesson nkupanga mfuti yake yomwe pambuyo pake inatchedwa Model 29. Kampani ya Ruger nayo siinachedwe, mu 1956 inatulutsa Blackhawk ya chipolopolo chomwecho.

Keith anafotokozapo kuti anamaliza gwape wovulala ali pamtunda wa mayadi 600 ndi .44 Magnum yake, ndiye kuti kupitirira theka la kilomita, ndipo mpaka lero anthu amakanganabe ngati zinachitikadi choncho. Koma zaka zoyambirira mfutiyi inali ya alenje ndi anthu ochepa okonda zotere. Zinasintha mu 1971 pomwe Clint Eastwood anainyamula mu filimu ya Dirty Harry, anthu anaikhamukira mpaka kusowa m'masitolo, mitengo nkukwera. Ogulitsa mfuti ali ndi nthabwala yawo ya nthawi imeneyo, yoti Model 29 zambiri zinkabwerera kusitolo zili zatsopano limodzi ndi bokosi la zipolopolo lomwe mwachoka 6 zokha.

Kuchokera apo unangokhala mpikisano. Dick Casull anali atayamba kale kuyesa .454 yake m'zaka za m'ma 1950, koma inafika bwino pamsika mu 1983 kudzera ku Freedom Arms ya ku Wyoming. John Linebaugh anapanga .500 ndi .475 zake m'zaka za m'ma 1980. Mu 2003 Smith & Wesson inatulutsa .500 S&W Magnum, ya zipolopolo 5, ndipo ya mpope wautali imalemera makilo awiri, ngati mwanyamula mapaketi awiri a shuga ndi dzanja lotambasula. Imeneyi ndi yomwe imapezeka kwambiri m'mavidiyo aja.

Chifukwa chani chipolopolo cholemera

Taganizani njinga yakabaza ndi lole yodzaza simenti zikutsika phiri limodzi, chomwe chingavute kuimitsa ndi lole. Chipolopolo chopepuka chothamanga kwambiri chikakumana ndi chikopa chochindikala, mafuta, mnofu ndi fupa la phewa chimaphwanyika kapena kuima msanga. Cholemera chimapitirira. Mfuti yam'manja singapikisane ndi mfuti yaitali pa liwiro chifukwa mpope wake ndi waufupi, nde njira yokhayo yotsala ndi kunenepetsa ndi kulemeretsa chipolopolo. Maganizo a Keith anali amenewo, kuti bowo likhale lalikulu kuyambira polowera ndipo lidutse mpaka mbali inayo.

Nchifukwa chake a m'tchire amakonda zipolopolo za mtovu wolimbitsidwa zamutu wafulati, amati hard cast. Mutu wafulati umadula ngati kachitsulo kobowolera lamba ndipo umayenda mowongoka, pomwe wosongoka umatha kupatuka ukagunda fupa. Izi nzosiyana ndi zomwe apolisi a m'tauni amagwiritsa ntchito, zija zamutu wobowoka zomwe zimatambasuka nkuima mkati kuti zisadutse kukavulaza wina kumbuyo.

Ntchito yake yeniyeni

Ku Alaska kuli zimbalangondo zofiirira zomwe zina, makamaka za pachilumba cha Kodiak, zimapitirira makilo 600, ndipo pamtunda waufupi chimbalangondo chimathamanga makilomita oposa 50 pa ola. Kulinso moose, chinyama chonga ntchefu koma chachitali kwambiri, ndipo a boma oona zanyama kumeneko amati chaka ndi chaka moose amavulaza anthu ambiri kuposa zimbalangondo. Aliyense amavomereza kuti mfuti yaitali ndiyo yamphamvu koposa, koma vuto ndi loti munthu akuwedza nsomba za salmon ali m'madzi ofika m'chiuno, kapena akudula nkhuni, akukonza mpanda, akusenda nyama yomwe wapha, mfuti yaitali ija imakhala yatsamira mtengo uko. Revolver imakhala m'kachikwama kake pachifuwa, pamwamba pa jekete, pomwe dzanja lingafike ngakhale munthu atagwetsedwa chagada. Ruger inapangira anthu amenewa Super Redhawk Alaskan mu 2005, mpope wake mainchi awiri ndi theka okha koma imalemera kupitirira kilo. Okonda revolver amaonjezanso kuti chinyama chikakhala pamwamba panu ndipo mfuti yakanikizika pathupi pake, pisito ya magazini itha kukana kuwomba poti chitsulo chapamwamba chasunthira m'mbuyo, pomwe revolver imawombabe, ndipo chipolopolo china chikakana mumangokokanso thiriga.

Oweta ng'ombe nawo amainyamula pa zifukwa zosasangalatsa koma zenizeni, ng'ombe yathyoka mwendo kutali ndi kunyumba yofunika kuipumitsa msanga, kapena nguluwe zomwe ku Texas ndi maboma ena akum'mwera zachuluka kufika mamiliyoni ndipo zimafukula minda usiku umodzi.

Za ulenje ndiye nzachikondi basi, palibe angakunamizeni kuti nzosavuta. Wosaka ndi revolver amayenera kuyandikira nyama, ambiri amawombera pa mamita 50 mpaka 100, ndipo ena amaikapo kagalasi koyandikitsa ngati pamfuti yaitali. Iwo amati kukoma kwake nkomweko, kunyang'ama, kuwerenga mphepo, kudikira, mofanana ndi wosaka ndi uta. Amatinso chipolopolo cholemera choyenda pang'onopang'ono sichiwononga nyama, umadya mpaka m'mphepete mwa bala. Maboma ambiri aku America ali ndi malamulo a kukula kwa chipolopolo chololedwa posaka gwape, ndipo alenje ena olemera amafika mpaka ku South Africa ndi ma revolver a .454 kapena .500 kudzasaka nyama zazikulu ngati njati.

Kunyamula tsiku ndi tsiku m'tauni ndi komwe chikondichi chimachepa. Ku Alaska kuyambira 2003 munthu wamkulu wololedwa kukhala ndi mfuti atha kuinyamula mobisa popanda chiphaso chapadera, ndipo maboma ambiri atsatira, koma onyamula ambiri amasankha 9mm kapena ka revolver kakang'ono ka .38. Chitsulo cha kilo ndi theka m'chiuno tsiku lonse chimagwetsa buluku abale. Kagulu kena kamakondabe .44 Special mumfuti yaing'ono ngati Charter Arms Bulldog yomwe inatuluka mu 1973, ponena kuti bowo ndi lalikulu koma kumenya kwake nkopiririka. Otsutsa amati chipolopolo chopangidwira kudutsa chimbalangondo chimadutsanso khoma la nyumba, ndipo kuseri kwa khomalo kuli anthu.

Mtengo womwe dzanja limalipira

Chilichonse chopita kutsogolo mwamphamvu chimakankha m'mbuyo mwamphamvu yomweyo, ndipo kukankha kumeneko ndi komwe kumaseketsa anthu m'mavidiyo. Mfuti yolemera imameza gawo la kukankhako, yopepuka imakupatsira konse. Smith & Wesson ili ndi .44 Magnum yotchedwa 329PD yolemera magalamu pafupifupi 700 okha, yabwino kuyenda nayo m'mapiri, koma ambiri omwe anaiwombapo amati ili ngati kumenyedwa ndi thabwa pachikhatho. Mu mfuti zopepuka zotere kugwedezeka kumatha kusolola zipolopolo zotsala mu silinda kuchoka m'zikhokho zake mpaka kutulukira kutsogolo, silinda nkukanika kuzungulira, ndiye kuti mawu oti revolver siikakamira si oona nthawi zonse, ndipo ikakakamira simungaikonze pompopompo.

Vuto lalikulu koma lili m'mutu. Thupi likaphunzira kuti kukubwera ululu ndi chiphokoso limayamba kudzidzimuka thiriga isanathe kukokedwa, dzanja limagwera pansi, maso amatsinzina, chipolopolo nkupita kwina. Munthu atha kukhala ndi .500 koma osalasa chitini pa mamita 10, pomwe mnzake wa .357 akulasa ulendo uliwonse. Kuti chizolowezi chimenechi chithe pamafunika kuwomba kambirimbiri, ndipo zipolopolo zikuluzikulu nzodula, nchifukwa chake okonda mfutizi ambiri amadzipangira okha kunyumba ngati Keith, ndipo kwa ena zimenezo ndiye theka la chisangalalo. Phokoso lake limapitirira ma decibel 160, lokwanira kuwononga makutu ndi kuwomba kumodzi ngati simunatseke. Palinso kampata pakati pa silinda ndi mpope pomwe pamatuluka moto cham'mbali, pa .460 kapena .500 chala chikapezeka pamenepo chimang'ambika.

Mkangano womwe sunathe

Apolisi aku America anasiya ma revolver m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, ndipo kuwomberana kwa ku Miami mu 1986 komwe kunaphetsa apolisi ofufuza a FBI awiri kumatchulidwa kawirikawiri pa kusinthako. Panopa mpikisano walowanso m'tchire momwe. Achinyamata ambiri oyenda m'mapiri asamukira ku pisito ya 10mm monga Glock 20 yomwe magazini yake imanyamula 15, ndipo asilikali a Denmark olondera kumpoto kwa Greenland pa ngolo zokokedwa ndi agalu amanyamula yomweyo chifukwa cha zimbalangondo zoyera. A 10mm amati nkwabwino kulasa katatu ndi chipolopolo chapakatikati kusiyana ndi kuphonya kamodzi ndi chachikulu. A revolver amayankha kuti chimbalangondo chikatulukira pathengo pa mamita 20 muli ndi masekondi awiri, zipolopolo 15 zija simudzazifika, nde choyambacho chikhale cholemera.

Gulu lachitatu limati nonsenu mwaphonya, nyamulani sipule ya tsabola yopangidwira zimbalangondo. Akatswiri Tom Smith ndi Stephen Herrero ndi anzawo anaunika zomwe zinachitika ku Alaska, mu 2008 anapeza kuti sipule inaletsa zimbalangondo zofiirira maulendo 92 pa 100, ndipo anthu 98 pa 100 omwe anaigwiritsa ntchito sanavulale. Mu 2012 anaunikanso nkhani 269 zokhudza mfuti nkupeza kuti zam'manja zinathandiza maulendo 84 pa 100, zazitali 76 pa 100. Manambalawa mbali iliyonse imawakokera kwake. A mfuti amati simungafananize chimbalangondo chongonunkhiza pa tenti ndi chomwe chabwera kudzapha, komanso sipule imavuta kukakhala mphepo. A sipule amati tsabola safuna luso lolasa ndipo ukalakwitsa suphetsa mnzako. Anthu ambiri a m'tchire amangonyamula zonse ziwiri.

Pamwamba pa zonsezi pali mkangano waukulu wa mfuti ku America. Mu 2021 anthu oposa 48,000 anafa ndi mfuti m'dzikolo, oposa theka mwa iwo anadzipha okha. Ofuna malamulo okhwima amati mfuti iliyonse yokhala m'nyumba imaonjezera ngozi zotere, ndipo anthu ophedwa ndi zimbalangondo ku North America konse amakhala owerengeka chabe pachaka. Okonda ma revolver akuluakulu amati mfuti zawo si zomwe zimapezeka kwambiri m'manja mwa zigawenga, poti zomwe apolisi amagwira nthawi zambiri ndi za 9mm, ndipo ufulu wokhala ndi mfuti uli m'malamulo oyendetsera dziko lawo kuyambira 1791. Abale athu omwe ali ku Britain akudziwa kuti kumeneko nkhaniyi inatsekedwa mu 1997, mfuti zam'manja zinaletsedwa pambuyo pa kuphedwa kwa ana asukulu ku Dunblane mu 1996. Ku South Africa pamafunika satifiketi yosonyeza kuti mukudziwa kugwira mfuti kenaka laisensi ya mfuti iliyonse payokha, ndipo kuno kwathu kupezeka ndi mfuti popanda laisensi ndi mlandu wopita nawo kundende.

Ngakhale ku Alaska komweko kupha chimbalangondo podziteteza sikuti nkhani yathera pomwepo. Lamulo limalola ngati munalibe njira ina ndipo simunachiputa nokha, mwachitsanzo posiya zakudya kapena zinyalala poyera. Mukatero muyenera kukanena kuboma mwansanga, kulemba lipoti, ndipo chinyama cha makilo mazanamazana chija muchisende nokha nkukapereka chikopa chili ndi zikhadabo zake pamodzi ndi chigaza, chifukwa zonsezo nza boma.